Thukuta la pa Mjigo

Ana anga, za ubwana wanga ku Nazombe ndinakuuzani kale pakamwa, sindizibwereza pano. M'mutu uno ndikufuna mudziwe chimene chinandimeretsa imvi, chifukwa inu mumaganiza kuti ndinu.

Ntchito yoyamba

Ndinayamba ntchito ndili mtsikana, pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi kwathu. M'mawa ndinkaphunzitsa sayansi, masana masewera. Kumeneko kunalibe kunyengerera munthu. Mpira unali umodzi, wosokasoka, koma ndikangoutulutsa m'kabati ana ankakhamukira ku bwalo ngati kwatuluka ngumbi. Atsikana ankasewera ntchemberembaye opanda nsapato mpaka ine kuchita kuwathamangitsa kuti akathandize makolo kwawo. Ndinakhala choncho zaka zambiri, anandisamutsa kawiri, ndipo kulikonse kumene ndinapita vuto langa linali kuchepa kwa mipira, osati kwa ana.

Nditayamba kukula, yunivesite ina ya mpingo inatsegula nthambi m'boma lathu lino la Phalombe, m'nyumba zakale za mishoni zimene anazikonza. Ankafuna munthu woona zamasewera. Bambo anu anati, "Pita, a ku yunivesite ndi anthu akuluakulu, sukavutika nawo." Mzimu wawo uuse mumtendere, koma pamenepo ananama.

Chaka choyamba pa yunivesite

Bwana wanga anali a Thawani, mkulu woona za ophunzira, amene aliyense ankangowatchula kuti a Dini. Anali munthu waulemu, wa mataye okongola, ndipo galimoto yawo ankaiimika pakhomo penipeni pa ofesi kuti asayende mtunda. Anandionetsa ofesi yanga, kachipinda kosungiramo mipando yothyoka. Katundu wanga anali mipira iwiri, pampu yopanda singano, ndi ukonde wa volebo umene makoswe anali atayamba kale kuudya. Bwalo linali ndi zulu za chiswe, ndipo mbuzi za m'mudzi woyandikana nafe zinkaliyesa lawo. Zonsezi sizinandiopse. Ndinali nditazolowera kugwira ntchito ndi zinthu zoperewera. Ndinapempha khasu, n'kusalaza ndekha mmene ndikanathera, kenako ndinalengeza kuti m'mawa uliwonse tizithamanga tisanalowe m'kalasi.

Tsiku loyamba kunabwera anthu atatu. Mmodzi anafunsa ngati pamapeto pake pakhale tiyi.

Ndinayamba kuyenda chipinda ndi chipinda m'mahositelo, kulalikira ngati mlaliki wa m'basi. Ndinawauza za mtima, za shuga, za tulo tabwino, za mutu umene umagwira msanga maphunziro thupi likamagwira ntchito. Ankandimvetsera mwaulemu, foni zili m'manja, n'kumagwedeza mutu. "Zoona, Madamu. Tiyamba Lolemba." Zikanakhala kuti Lolemba lililonse limene anandilonjeza linafika, bwenzi lero tili ndi akatswiri a dziko lonse. Wina ankati alibe nsapato. Ndikamuuza kuti abwere ndi zimene ali nazo, ankati ali ndi asayimenti. Mtsikana wina anati kuthamanga kumamutulutsa zitho ngati mwamuna. Mnyamata wina, wophunzira zaumoyo, amene pa mayeso analemba bwino kwambiri za ubwino wolimbitsa thupi, ndinamupeza akukwera kabaza kuchokera ku hositelo kupita ku kalasi, pamtunda woti ukaitana munthu amayankha.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ambiri mwa ana amenewa sanali a m'tauni. Anali a kwathu konkuno, a ku Kaduya, a ku Nazombe, a m'mphepete mwa Chilwa, ana oti akulira pa khasu ndi pa ndowa. Ndinkawadziwa makolo awo ena. Mwana amene chaka chatha ankasenza thumba la nandolo kupita nalo ku msika, lero akuti masitepe a ku laibulale amamutopetsa.

Teremu yachiwiri bungwe lina linatipatsa matisheti. Ndinalengeza kuti wothamanga alandira. M'mawa wake bwalo linadzaza mpaka mbuzi zinathawa. A Dini anabwera kudzajambula zithunzi, n'kundigwira chanza. Matisheti atatha, anthu anathanso. Ndinkangowaona matisheti aja atayanikidwa pa zingwe, ena atavalidwa ndi anyamata a kabaza.

Chaka cha lamulo

M'chaka changa chachitatu kunabwera akuluakulu a ku likulu la yunivesite kudzayendera nthambi yathu. Anafunsa chifukwa chake bwalo linali lopanda anthu, ndipo a Dini anachita manyazi. Sabata yomweyo anakhazikitsa lamulo: wophunzira aliyense wogona pasukulu azithamanga kawiri pa sabata, kuchokera pa geti kukafika pa mlatho wa kumunsi n'kubwerera. Wozemba alandidwa malo ku hositelo. Ndinawauza kuti, "Bwana, mbuzi ungaikokere ku dambo, koma msipu idya yokha." Iwo anati, "Mayi, mwayesa njira yanu zaka ziwiri. Tsopano tiyese yanga."

Kunena zoona, masiku oyamba ndinasangalala. Ndinkaima pa geti ndi wezulo, mazana a achinyamata akudutsa, ena akutukwana chamumtima, koma akuthamanga. Kenako ndinayamba kudabwa. Gulu lina la atsikana linkabwerera msanga kuposa anyamata a timu ya mpira, nkhope zili nyowe, koma osapuma wefuwefu. Tsiku lina ndinasiya wezulo kwa kapiteni wa timu, n'kudzera njira ya m'minda ya chinangwa. Nditafika pokhotera, kuseri kwa mitengo ya mango, ndinapeza makabaza ali ndandanda ngati pa siteji. Ophunzira anga ankathamanga kuchoka pa geti, akangobisika n'kukwera njinga, kukafika pa mlatho, kubwerera, n'kutsikira pa mjigo. Pamenepo ankapopa madzi, kudziwaza kumaso ndi m'khwapa, n'kumalizitsa kamtunda kotsalako akudzigwira m'chiuno. Thukuta lonse limene ndinkalinyadira linali la pa mjigo.

Atandiona anabalalika. Mmodzi yekha ndiye anatsala, akupukuta nkhope ndi chitenje mosafulumira. Dzina lake anali Pilirani, wa chaka choyamba, mwana wa msodzi wa ku Chilwa, mtsikana wamtali, wanzeru m'kalasi, wa pakamwa posachedwa.

"Pilirani, ulibe manyazi?"

"Ndili nawo, Madamu, koma pang'ono."

"Mwana wa kunyanja iwe, wamphamvu zako, ukulipira munthu kuti akuthamangire?"

Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene ife pa msinkhu wake sitinkachita. "Madamu, ine ndayenda wapansi moyo wanga wonse. Ku pulayimale wapansi, ku sekondale wapansi, kumunda wa mpunga matope m'mawondo. Amayi anagulitsa mpunga wonse kuti ndibwere kuno, n'kundiuza kuti, mwana wanga, ukaphunzire kuti usadzatulukenso thukuta ngati ine. Ndiye inu mukuti ndidzuke m'mamawa kukalifunafuna dala? Nditapita kwathu nditaonda, anthu adzati ku yunivesite kuli njala."

Mawu akewo anandikwiyitsa koposa. Ndinangomuuza kuti akasambe madzi enieni.

Nkhani inawapeza a Dini tsiku lomwelo, chifukwa anyamata a kabaza anakangana pa za makasitomala mpaka phokoso linafika ku ofesi. Anandiitana. "Mayi, munawaona ndi maso anu. Nditchulireni mayina. Tichotse angapo ku hositelo, ena onse atengerepo phunziro."

Ndinapempha kuti ndiyankhe mawa lake. Ndinkadziwa tanthauzo la kuchotsedwa ku hositelo. Mtsikana amakachita lendi kachipinda kuseri kwa malo omwera mowa pa tauni, kopanda loko wolimba, ndipo ena amene anapita kumeneko sanamalize sukulu. Ndinkadziwanso kuti inu awiri omaliza munali mudakali pa sukulu, bambo anu atayamba kudwala, ndipo ntchito imeneyi ndiyo inkatidyetsa. Komanso, ndisabise, mtima wina unkafuna ndithu kuti Pilirani alangidwe chifukwa cha pakamwa pake.

M'mawa ndinalowa mu ofesi muja n'kunena kuti, "Bwana, mayina sinditchula. Ndipo ndikupempha kuti lamuloli lithe. Tikuphunzitsa ana kubera, osati kuthamanga. Akadzachoka pano, adzadana ndi masewera moyo wawo wonse."

A Dini anavula magalasi. "Mukudziwa kuti a ku likulu akufuna malo omangapo hositelo yatsopano? Ine ndakhala ndikuteteza bwalo lanulo. Ndichotsa lamulo, chabwino. Koma bwalo likakhala lopanda anthu, lipita. Ndipo bwalo likapita, woona zamasewera aziona chiyani?"

"Ndamva, bwana."

Lamulo linatha Lachisanu. Lolemba lake ndinafika pa geti ndili ndi chikhulupiriro chakuti ana aja, atamva zimene ndinawachitira, abwera ambiri mwa kufuna kwawo. Kunabwera anayi. Pilirani panalibe. Ndinakumana naye masana akudya chipisi, ndipo anati, "Madamu, tamva zimene munachita. Mulungu akudalitseni." Ndinati, "Madalitsowo ubwere nawo ku bwalo." Anaseka, n'kunena kuti ayamba Lolemba.

Chaka cha madzi

Anayi aja ndinakhala nawo. Masiku ena ankakhala asanu ndi mmodzi, nthawi ya mayeso awiri. Ndinasiya kulalikira za shuga ndi mtima, chifukwa ndinaona kuti munthu wa zaka makumi awiri sakhulupirira kuti adzakalamba. A Dini ankati akandiona, n'kuyang'ana ku bwalo.

Kenako kunabwera mvula ija imene nonse mukuikumbukira, imene inagwa masiku angapo osalekeza mpaka mapiri anatsitsa miyala ndi matope. Magetsi anazima, mafoni anasiya kugwira, milatho inakokoloka. Pasukulu pathu panali pokwera, sitinaonongekeredwe zambiri, koma ana ambiri sankadziwa ngati kwawo kuli anthu amoyo. Mvula itangokata, Pilirani anagogoda pakhomo panga m'mawa, maso ali otupa. Panthawiyi anali m'chaka chachitatu, atanenepa bwino monga mmene amayi ake ankafunira.

"Madamu, akuti kwathu madzi afika m'madenga. Palibe galimoto ikupita, a kabaza akukana. Ndikufuna ndipite wapansi, koma a Dini akuti mtsikana sangachoke yekha. Anzanga onse akuopa."

Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinamanga chitenje, kutenga botolo la madzi ndi chinangwa chophika, n'kukauza a Dini kuti ndimuperekeza. Lole ina inatitenga mpaka pamene msewu unadukira, ndipo kuchokera pamenepo unali ulendo wa miyendo.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Msewu unali utasanduka phala. Tinkadutsa minda yoti chimanga chagona chonse mbali imodzi, nyumba zogwa, anthu atakhala pa zitunda ndi mabulangete onyowa. Pena madzi ankafika m'chiuno, tikugwirana manja ndi anthu osawadziwa. Poyamba Pilirani ankanditsogolera, mantha akumukoka. Dzuwa litafika pamutu anayamba kutsalira. Ndinkamumva akupuma ngati mvukuto kumbuyo kwanga. Titafika pa sukulu ina ya pulayimale pamene anthu anathawirapo, anakhala pansi m'matope momwemo, atagwira katumba.

"Madamu, miyendo yakana."

"Dzuka, tatsala pang'ono."

"Yakana, Madamu! Njira iyi ndinkayenda ndili mwana, nditasenza mpunga. Lero amayi anga mwina ali m'madzi, ine ndikulephera kufika." Analira mokweza, akumenya ntchafu zake ndi zibakera ngati zamulakwira.

Mukudziwa mayi wanu. Mawu anafika pakamwa, mawu amene ndinawasunga kuyambira tsiku la pa mjigo. Ndinawameza. Ndinagwada m'matopemo, mayi wa imvi, n'kuyamba kumuwongola mwendo ndi kumutikita katumba monga ndinkachitira ndi osewera mpira. Ndinamudyetsa chinangwa, kumumwetsa madzi, n'kumuuza kuti tiziyenda kufika pa mtengo uwo, tikapume, kenako mtengo winawo. Tinayenda choncho, mtengo ndi mtengo, iye atandikolowekera dzanja paphewa.

Tinafika dzuwa litapendeka. Mudzi wawo unali nyanja. Bambo wina wa bwato anatiuza kuti anthu ali pa tchalitchi cha pamtunda, ndipo kumeneko tinawapeza amayi ake ali moyo, pamodzi ndi abale ake awiri aang'ono. Nyumba inali itagwa, mpunga wonse utapita. Bambo ake anali atapita ndi bwato kukapulumutsa anthu usiku wa madziwo, ndipo anali asanabwerere. Anapezeka patapita masiku, m'mabango. Ndinakhala nawo mpaka maliro atatha.

Pobwerera sitinakambe za masewera ngakhale pang'ono. Koma sabata yotsatira, nditafika pa geti m'mawa, ndinamupeza ataima pamenepo, atavala nsapato zake za ku tchalitchi zosatalika chidendene.

Mukuganiza kuti nkhani yathera pomwepa, mwana watembenuka mtima? Inenso ndinaganiza choncho. Anabwera masabata awiri, n'kusowa. Ndinapita kuchipinda kwake ndili ndi ukali wonse.

"Pilirani, ngakhale zimene unaona zija sizinakukwanire?"

Anali atagona chafufumimba. "Madamu, ndikamathamanga ndimaganiza za ababa. Komanso ndimakhala kumbuyo kwa aliyense, anyamata amandidikira ngati ndine gogo. Ndipo wezulo yanuyo imandikumbutsa ku pulayimale."

"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Bwanji tizingoyenda? Madzulo, osati m'mawa. Popanda wezulo. Alipo anzanga ena a kwathu amene sakugona tulo chichitikireni zija. Ndikhoza kuwaitana."

Kuyenda! Ine, mphunzitsi wa masewera wa satifiketi yake, amene ndinatengapo timu kupita nayo ku mpikisano wa chigawo, ndizikayenda ndi ana ngati tikupita ku chigayo. Ndinatsala pang'ono kukana. Koma ndinati, "Chabwino. Gululo likhala lako. Iwe ukapanda kubwera, ine sindiyenda nawo, ndipo ukawafotokozera wekha."

Chaka chomaliza

Anayamba atsikana ochepa, onse ochokera kumadera kumene madzi anaononga. Tinkanyamuka makalasi akatha, kulowera njira ya kuphiri, n'kubwerera kusanade. M'njiramo ankakamba za kwawo, za amene anatayika, pena kulira, pena kuseka za anyamata. Ine ndinkayenda kumbuyo, pakamwa nditatseka, ntchito imene inali yovuta kwa ine kuposa kukwera phiri. Pilirani ankadutsa m'zipinda kugogoda, ndipo ndinaona chinthu chimene maulaliki anga onse sanachite: munthu ankatuluka chifukwa mnzake waima pakhomo akumudikira. Iyenso mwini sakanajomba, poti onse ankayang'ana iye. Tsiku lina kunagwa mvula, ine ndinakhala m'nyumba poganiza kuti palibe abwere, ndipo anapita okha ndi maambulera. Patapita miyezi, ena anayamba kuthamanga pobwerera, potsetsereka, popanda wowauza. Anyamata angapo analowa nawo, pazifukwa zawo zimene sindinafunse.

Ndinapita kwa a Dini mokondwa. "Bwana, bwerani mudzaone."

Anabwera pa galimoto, n'kutsitsa galasi. "Mayi, awa akungoyenda."

"Inde, bwana, koma tsiku lililonse."

"A ku likulu akafunsa zikho, ndiwaonetsa chiyani? Ndipo akuyenda mumsewu. Bwalo lija lili chikhalire ndi mbuzi."

Sananame. Teremu yotsatira mathirakitala anafika, bwalo linakumbidwa, maziko a hositelo anayamba. Kontirakiti yanga itatha sanaiwonjezere. A Dini anandiuza mwaulemu wawo wonse kuti zamasewera aziyang'anira mphunzitsi wina mongothandizira. Anandikonzera kaphwando, anandipatsa chitenje ndi wotchi ya pakhoma, ndipo ophunzira ambiri amene sanapondepo pa bwalo langa anabwera kudzamwa fanta n'kuyankhula mokhudza mtima za mmene ndinasinthira moyo wawo. Ndinangoyang'ana kudenga.

Ndinabwerera kuno kumudzi chaka chimodzi bambo anu asanatisiye. Anthu amandifunsa ngati ndimanong'oneza bondo kuti sindinatchule mayina aja. Ayi. Koma musandifunse ngati ndinapambana, chifukwa pa ana onse amene anadutsa m'manja mwanga pa yunivesite ija, amene ndikudziwa kuti mpaka lero amalimbitsa thupi ndingawawerenge osavula nsapato. Gulu loyenda lija ndimamva kuti lilipobe, likutsogoleredwa ndi ana amene sadziwa n'komwe dzina langa.

Mwezi wathawu, ndikusenda makaka pakhonde, foni inalira. Anali Pilirani. Pano amagwira ntchito mu ofesi ina ku Zomba, ndipo ndi iye amene akuphunzitsa abale ake aja. Sanandipatse ngakhale moni wokwanira.

"Madamu, anthu ndi otani kodi? Ndayambitsa gulu loyenda kuntchito kuno. Onse anavomera, ena mpaka anagula nsapato zodula. Abwana athu anauzidwa ndi adokotala kuti bipi yakwera, koma akuti ayamba mwezi wamawa. Ndawauza zonse, za mtima, za shuga, sakumva! Ndatopa nawo, ndikufuna kungozisiya."

Ndinaika mpeni pansi. Ndinali ndi zambiri zoti ndimuuze mtsikana ameneyu, zoti zikanatha mayunitsi ake onse.

"Dzulo anabwera angati?" ndinafunsa.

"Awiri okha, Madamu."

"Awiri? Ndiye ukundisokoseranji? Mawa upite."